SADHU SUNDAR SINGH: MNYAMATA WA KU PUNJAB AMENE ANAFUNAFUNA MTENDERE WA MUMTIMA

Aphunzitsi anzanga, ambiri a inu munamvapo nkhani ya anthu awiri amene anali pa ulendo m'mapiri ozizira, napeza munthu atagwa m'chisanu ali pafupi kutsirizika. Mmodzi anakana kuima, poopa kuti naye angafere pomwepo, napitirira yekha. Winayo anabereka wodwalayo kumsana nayenda naye movutika, ndipo kutentha kwa matupi awo kunawapulumutsa onse awiri. Koma uja anathamanga yekhayu anampeza patsogolo atauma gwa. Nkhaniyi imamveka kawirikawiri m'maulaliki ndi m'makalasi athu, koma mwini wake satchulidwa. Amene ankaikamba, nanena kuti inamchitikira iye mwini m'mapiri a Himalaya, ndiye Sundar Singh wa ku India.

Munthuyu ndamsankha dala. Masiku ano ana okulirapo amaona pa lamya ndi pa wailesi yakanema anthu atakhala pansi, atapinda miyendo, atatsinzina, akuti akuchita yoga kapena akusinkhasinkha, ndipo tsiku lina adzakufunsani ngati zimenezi n'zabwino kapena ai. Amamvanso za anthu amene amati anatengedwa kumka kumwamba nakaona angelo. Sundar Singh anapita m'njira zonse ziwirizi ndi mapazi ake, osati mongomva kwa ena. Mphunzitsi wodziwa mbiri yake sadzayankha mwana mwachimbulimbuli.

UBWANA WAKE

Anabadwa pa 3 Sepitembala 1889 m'mudzi wa Rampur, pafupi ndi mzinda wa Ludhiana, m'chigawo cha Punjab kumpoto kwa India. Makolo ake anali a chipembedzo cha Asikh, chimene anayambitsa Guru Nanak, wobadwa mu 1469. Asikh amakhulupirira Mulungu mmodzi, ali ndi buku lawo lotchedwa Granth, ndipo amuna awo sameta tsitsi koma amalikulunga m'nduwira. Dzina lakuti Singh, limene amuna a Chisikh amatchedwa nalo, tanthauzo lake ndi mkango. Atate ake, Sher Singh, anali munthu wachuma, mwini minda yambiri.

Koma amene anaumba mtima wa mwanayu ndiwo amai ake. Anali mai wopembedza kwambiri, wolemekeza aphunzitsi a Chisikh ndi a Chihindu omwe. Sundar atakula ankakumbukira kuti m'mawa akafuna mkaka, amai ake ankamuuza kuti ayambe wapemphera. Ankamtenganso kukaona sadhu wina wokhala kuthengo. Tsono sadhu ndi munthu amene wasiya nyumba, chuma ndi banja chifukwa cha kufuna Mulungu. Amavala nsalu yachikasu, amayenda mudzi ndi mudzi, nadya chimene anthu ampatsa. Ku India munthu wotere amalandiridwa ndi ulemu ngakhale ndi osauka. Amai ena amafunira ana awo udokotala kapena ukalaliki wa ku boma. Awa ankauza mwana wawo kuti akufuna adzakhale sadhu.

Olemba mbiri yake amati pofika zaka 7 anali ataloweza pamtima Bhagavad Gita, buku la Ahindu la ndime 700. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndi choko m'manja pamaso pa ana a msinkhu umenewo ndinayamba ndapukusa mutu. Koma kumbukirani kuti kumeneko mabuku otere amaphunzitsidwa mochita kuyimba, tsiku ndi tsiku, monga ana athu agwirira nyimbo asanadziwe n'kuwerenga komwe.

Ali ndi zaka 14 amai aja anamwalira. Pamenepo mnyamatayo anasowa pogwira. Anayamba kuwerenga mpaka pakati pa usiku Granth, mabuku a Ahindu otchedwa Upanishad, ngakhale Korani, kufunafuna chinthu chimene kwawoko amachitcha shanti, ndiko kuti mtendere wa mumtima. Atate ake ankamdzudzula kuti akudziononga mutu akali mwana.

ZA YOGA

Pano tiime pang'ono, pakuti ndipo pagona mafunso a ana athu. Sundar anaphunzira yoga kwa sadhu wa Chihindu. Mauwa ndi a m'chinenero chakale cha Sanskrit, ndipo amanena za kumanga pamodzi, monga goli limangira ng'ombe ziwiri pa ngolo. Mphunzitsi wakale dzina lake Patanjali anaika makwerero 8 a njirayi. Oyamba awiri ndi a makhalidwe: kusapweteka chamoyo, kusanama, kusaba, kudziletsa, kudzisunga woyera. Lachitatu ndilo kakhalidwe ka thupi, kuti munthu athe kukhala nthawi yaitali osagwedezeka. Lachinai ndilo kulamulira mpweya: kukoka pang'onopang'ono, kuusunga m'chifuwa, ndi kuutulutsa mowerenga. Kenaka munthu amatseka maso ndi makutu ku za kunja, naika maganizo pa chinthu chimodzi chokha, nakhazikika pa chinthucho, kufikira pa khwerero lomaliza lotchedwa samadhi, pamene sadziwanso za thupi lake kapena za nthawi. Zimene mumaona pa kanema, anthu akupindapinda matupi pa timikeka, kwenikweni ndi khwerero lachitatu lija litasanduka masewera olimbitsa thupi. Zafalikira dziko lonse, kotero kuti kuyambira mu 2015 bungwe la United Nations limakumbukira tsiku la yoga pa 21 Juni.

Aphunzitsi a yoga amati mu mpweya muli mphamvu ya moyo yotchedwa prana, yoyenda m'timisewu tosaoneka m'thupi, ndi kuti wolamulira mpweya amalamulira mphamvuyo pamodzi ndi maganizo ake. Madokotala ong'amba thupi sanatipezepo timisewu timeneti. Chimene amavomereza n'chakuti kupuma mofatsa kumachepetsa kugunda kwa mtima ndi kuziziritsa mantha. Ichi si chachilendo: mai aliyense amene anatontholetsapo mwana wosisima akuchidziwa. Chotero mwana akakufunsani, musamuuze kuti kupuma pang'onopang'ono ndi ufiti, pakuti mudzakhala mutanama. Musamuuzenso kuti yoga ndi masewera chabe, pakuti eni ake anaiika ngati njira ya chipembedzo, yomasulira mzimu ku nsinga za dziko lino.

Sundar sanalephere yoga. Anafika potha kukhala duu, osamva kanthu, kwa nthawi ndithu. Koma umboni wake unali wakuti akatsitsimuka ankapeza mtima uli ndi njala yomwe ija. Zinali ngati munthu wa chisoni amene wagona tulo tabwino, nadzuka maliro ali pomwepo.

USIKU WA PA 18 DISEMBALA 1904

M'mudzi mwawo munali sukulu ya amishoni a Presbyterian ochokera ku America, ndipo Sundar anaphunzirapo. Phunziro la Buku Lopatulika ankadana nalo. Ankasokoneza m'kalasi, ndipo ankatsogolera anyamata anzake kugenda alaliki ndi miyala ndi matope. Pakati pa mwezi wa Disembala 1904 anang'amba buku la Uthenga Wabwino nalitentha pamaso pa anzake. Atate ake, ngakhale sanali Mkhristu, anamdzudzula pa chimenechi.

Atatero mtima wake unaipiraipira. M'mamawa wa pa 18 Disembala anadzuka 3 koloko, nasamba madzi ozizira monga mwa mwambo wawo, nayamba kupemphera kuti ngati Mulungu alipo amuonetse njira. Anali atatsimikiza kuti akapanda kuyankhidwa adzakagona pa njanji, kuti sitima ya 5 koloko imuponde. Monga mwa kufotokoza kwake, nthawi itayandikira chipinda chinadzaza ndi kuwala, kotero kuti anayesa nyumba ikupsa. Ankayembekeza kuona Krishna kapena Buddha, koma anaona Yesu amene anatentha buku lake, akulankhula naye m'chinenero cha kwawo, kumfunsa chifukwa chomzunzira ndi kumkumbutsa kuti anamfera. Mudzaona nokha kufanana kwake ndi nkhani ya Saulo pa Machitidwe 9. Kufikira kutha kwa moyo wake Sundar ankanena kuti mtendere umene anaufuna m'mabuku ndi mu yoga anaulandira m'mawa umenewo, ndi kuti sunamchokerenso.

M'chipindamo munalibe mboni. Chimene anthu anaona ndi maso ndicho kusandulika kwa mnyamatayo, ndi mtengo umene analipira.

Mphunzitsi, kwa ana ang'ono musakhalitse pa nkhani ya njanji. Nkokwanira kunena kuti anali ndi chisoni chachikulu. Koma kwa achinyamata musaibise. Ameneyu anali mwana wa zaka 15, wa m'banja losasowa kanthu, amene anataya amai ake, ndipo ukali wake wa m'kalasi unali kulira kobisika. Ndikakumbuka ana ena amene ndinawalanga chifukwa cha mwano ndisanafunse za kwawo, manyazi amandigwira. Mwina wotere ali pa benchi la m'kalasi mwanu.

MKANJO WACHIKASU

Abale ake anayesa zonse kuti abwerere. Zimakambidwa kuti mbale wa atate ake anamtengera m'chipinda chosungira chuma namuonetsa ndalama ndi miyala ya mtengo wapatali, nachotsa nduwira yake kuiika pa mapazi a mnyamatayo, ndiko kudzichepetsa kwakukulu kwa Msikh. Sundar atameta tsitsi lake lalitali, onse anadziwa kuti zatha. Anamtulutsa m'nyumba. Pa ulendo anadwala koopsa, ndipo iye ndi amene anamsamalira anakhulupirira kuti m'chakudya chake chomaliza cha pakhomo munathiridwa mankhwala akupha. Anachira m'nyumba ya mbusa wina Mmwenye ku Ropar. Pa 3 Sepitembala 1905, tsiku limene anakwanitsa zaka 16, anabatizidwa m'tchalitchi cha St Thomas cha Anglican ku Simla, mzinda umene lero umalembedwa Shimla.

Posakhalitsa anachita chinthu chimene chinadabwitsa amishoni ndi Akhristu a ku India omwe. M'malo movala suti ndi nsapato, monga ankachitira ambiri otembenuka mtima, anavala mkanjo wachikasu wa asadhu, natenga bulangete ndi Chipangano Chatsopano cha m'chinenero cha Urdu, nayamba kuyenda wopanda nsapato, wopanda ndalama. Khumbo la amai ake linakwaniritsidwa, koma m'njira imene iwo sanailote. Anayenda m'Punjab ndi ku Kashmir, ndi m'midzi ya m'mapiri. Midzi ina inkamlandira poona mkanjowo, nimpirikitsa ikamva dzina limene akulalikira. Kwa nthawi anagwira ntchito pakati pa akhate ku Sabathu pamodzi ndi Samuel Stokes wa ku America. (Stokes ameneyu anayenda ulendo wobwerera kwina: anakhazikika ku Kotgarh, nafalitsa ulimi wa maapozi m'mapirimo, ndipo mu 1932 analowa Chihindu.)

Chifukwa cha mkanjowo ankachifotokoza ndi nkhani ya pa siteshoni. Munthu wina wa fuko la ansembe a Chihindu anakomoka ndi kutentha m'sitima. Atampatsa madzi m'kapu ya mlendo anakana, ngakhale anali ndi ludzu la imfa. Koma madzi omwewo atawathira m'chikho chake chamkuwa anamwa, natsitsimuka. Sundar ankati anthu a kwawo akukana madzi a moyo chifukwa akupatsidwa m'chikho cha ku Ulaya.

Mu 1909 analowa sukulu ya ubusa ya St John ku Lahore, mzinda umene kuyambira 1947 uli m'dziko la Pakistan. Sanathe chaka. Maphunzirowo anawaona ngati kukamba za chakudya osadya. Bishopu George Lefroy anampatsa kalata ya chilolezo cholalikira, koma ataona kuti kalatayo idzam'manga pa mpingo umodzi ndi dera limodzi, anaibweza mwaulemu, ndipo awiriwa anakhalabe pa ubwenzi. Pamenepa ine sindimtsata kwathunthu. Munthu woyenda yekha, wopanda bwalo la akulu lomfunsa, amasowa womuwongola pamene wapatuka, ndipo mudzaona kutsogoloku kuti kusowa kumeneku kunamvutitsa.

MAPEMPHERO AKE

Tsono onani ichi. Sundar atakhala Mkhristu sanataye luso lokhala chete limene anaphunzira ali mwana. Anthu amene anagona naye nyumba imodzi anachitira umboni kuti ankadzuka kusanache nakhala maora awiri kapena kuposa ali phee. B. H. Streeter wa ku Oxford ndi A. J. Appasamy wa ku India, amene anacheza naye nthawi yaitali nalemba buku la za iye mu 1921, anafotokoza kachitidwe kake. Ankayamba ndi kuwerenga mutu umodzi wa m'Buku Lopatulika mofulumira, akuika chizindikiro pa ndime zimene zamgwira mtima. Kenaka ankabwerera ku ndimezo nazilingalira mofatsa, monga ng'ombe ibzikula. Pambuyo pake ankasonkhanitsa maganizo ake, nalowa m'pemphero lopanda mau. Analibe lamulo la kakhalidwe ka thupi: nthawi zina chogwada, nthawi zina chokhala, nthawi zina choimirira.

Munthu wongosuzumira pa zenera sakadasiyanitsa Sundar wa zaka 14 ndi Sundar wa zaka 30. Onse awiri akhala pansi, atsinzina, sakugwedezeka. Iye mwini ankati kusiyana kwake n'kwakukulu. Poyamba ankadzikhuthula kuti asamve kanthu, ndipo ankayesa kukwera ndi mphamvu zake. Tsopano ankakhala chete pamaso pa Munthu amene amamdziwa, ndi Mau ali pamtima. Pemphero kwa iye silinali kwenikweni kupempha zinthu, koma kukhala ndi Mwini zinthu. Ankalifanizira ndi kupuma mpweya, ndipo apa mukuona kuti mwana wa yoga sanaiwale chinenero cha kwawo.

Ife tinaleredwa m'mapemphero a mau ambiri, ndipo chete akatalika pang'ono m'tchalitchi wina amayambitsa nyimbo kuti apulumutse zinthu. Yesani m'kalasi mwanu. Mukawerenga ndime ya tsikulo, uzani ana akhale chete mphindi imodzi yokha akuganizira mau amodzi a m'ndimeyo. Sabata loyamba adzaseka ndi kutsinana, musakwiye. Koma muyambe mwayesa nokha kunyumba, pakuti mudzapeza kuti mphindi imodzi ndi yaitali kuposa m'mene mumaganizira.

KUSALA KUDYA, MASOMPHENYA NDI NKHANI ZOVUTA

Mabuku ambiri a ana amadumpha gawo lino. Inu ndinu aphunzitsi, ndipo muyenera kulidziwa.

Kumayambiriro kwa 1913 Sundar analowa m'nkhalango kufupi ndi Dehra Dun kuti asale kudya masiku 40 monga Ambuye. Anaunjika miyala 40 kuti azitaya umodzi tsiku lililonse, koma anafooka kufikira polephera kunyamula ngakhale mwala. Anthu odula nsungwi ndiwo anamtola ali pafupi kufa. M'masiku omwewo matelegalamu anafika kwa abwenzi ake onena kuti wamwalira, ndipo ena anachita mapemphero omkumbukira. Amene anawerenga masiku pambuyo pake anapeza kuti sanakwane 40. Mwana akatengeka mtima ndi nkhaniyi, muuzeni mosabisa kuti munthuyu anangotsala pang'ono kufa.

Kuyambira m'zaka zimenezo ankagwidwa kangapo pa mwezi ndi chimene ankachitcha kutengedwa mu mzimu. Ali m'kati mwa pemphero ankaleka kumva za kunja kwa ora limodzi kapena awiri, ndipo ankati nthawi imeneyo ali pakati pa angelo ndi oyera mtima, akufunsa mafunso nayankhidwa. Zina za izi anazilemba m'buku la mu 1926 lotchedwa Visions of the Spiritual World. M'zaka zake zomaliza anakonda mabuku a Emanuel Swedenborg wa ku Sweden, amene anamwalira mu 1772, nanena kuti anakumana naye m'masomphenya. Anafika poganiza kuti mwina ngakhale otayika adzabwezedwa potsiriza, chimene si chiphunzitso cha katekisma wathu.

Panalinso nkhani za maulendo ake. Kuyambira 1908 ankapita kawirikawiri ku malire a Tibet, dziko limene pa nthawiyo linali lotsekedwa kwa alendo. Ankakamba kuti kumeneko anaponyedwa m'chitsime chouma chodzaza mitembo, ndipo usiku wachitatu wina wosadziwika anatsegula chivundikiro namtulutsa ndi chingwe. Ankakamba kuti m'phanga la ku phiri la Kailas anapeza nkhalamba Yachikhristu ya zaka zoposa 300. Ankakambanso za gulu lachinsinsi la asadhu Achikhristu okwana 24,000. Palibe munthu wina amene anaiona nkhalambayo, kapena kupeza mudzi wa chitsimecho, kapena kuonetsa gululo poyera.

Chifukwa cha izi kunabuka mkangano waukulu m'zaka za m'ma 1920. Wansembe wa Chikatolika Henri Hosten wa ku Darjeeling anamnena kuti ndi wonyenga. Mbusa Oskar Pfister wa ku Zurich, bwenzi la Sigmund Freud, analemba buku mu 1926 lonena kuti zambiri zinali nthano zobadwa m'mutu mwake. Mphunzitsi Friedrich Heiler wa ku Marburg anamtchinjiriza ndi mphamvu. Mu 2004 munatuluka buku la Eric Sharpe, amene anasanthulanso makalata a nthawiyo, ndipo mutu wa bukulo umamutcha Sundar chinthu chovuta kumasulira.

Maganizo anga ndi awa. Wonyenga amafuna ndalama, akazi kapena mpando, ndipo Sundar anakana zonsezi pamene zinali m'manja mwake. Anthu amene anakhala naye pafupi, monga C. F. Andrews bwenzi la Gandhi, amene analemba za iye mu 1934, anamdziwa ngati munthu wofatsa ndi woona mtima. Koma munthu amene amakhala yekha m'mapiri, wanjala, wotopa, wozolowera kuyambira ubwana kuchoka m'thupi ndi maganizo, angathe kufika posasiyanitsa bwino chimene waona m'masomphenya ndi chimene waona pa njira. Kukhala chete kumene kunamzamitsa m'pemphero ndi komwenso kunatsegula khomo la zinthu zimene ife sitingathe kuziyesa. Chotero pokamba nkhani ya chitsime, ngakhale ija ya munthu wa m'chisanu, nenani kuti Sundar Singh ankakamba chotere. Musaike nkhanizi pa mlingo umodzi ndi Mau a Mulungu. Mwana amene mwamphunzitsa kulemekeza munthu wabwino nafunsabe umboni, sadzatengeka msanga ndi aliyense wobwera ndi loto.

KUTCHUKA KWAKE

Mu 1918 anayendera kumwera kwa India ndi Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, ndipo anthu zikwizikwi ankasonkhana kudzamumva. Ku Colombo anapempherera mnyamata wodwala m'chipatala, nachira msanga modabwitsa anthu. Mbiri itawanda, anthu anayamba kumlondola ngati wochita zozizwa. Apa anachita chinthu chimene ndimachilemekeza koposa masomphenya ake onse: analeka kusanjika manja pa odwala, poona kuti anthu akuyang'ana iye ngati mwini mphamvu, ndipo uthenga sakuumvanso. Ndi angati amene angatseke okha chitseko chotere chitatseguka?

Mu 1919 anafika ku Burma, Malaya, China ndi Japan. Atabwerera analandira mphatso imene anaiyembekeza zaka zambiri: atate ake okalamba anamuuza kuti nawonso akhulupirira Khristu, ndipo ndiwo analipira ulendo wake wa ku England mu 1920. Chaka chimenecho anafikanso ku America ndi Australia. Mu 1922 anaona dziko la Palestine, nalalikira ku Switzerland, Germany, Sweden ndi maiko ena. Ku Uppsala anali mlendo wa Akibishopu Nathan Söderblom. Matchalitchi ankadzaza kudzaona munthu wamtali wa ndevu zakuda ndi mkanjo wachikasu. Ulaliki wake unali wa mafanizo osavuta, otengedwa ku mitsinje, mbalame ndi mbewu. Koma za ku Ulaya sizinamkondweretse. Anaona anthu othamanga, okonda chuma, osowa nthawi yopemphera, ndipo anawafanizira ndi mwala umene wakhala m'madzi zaka mazanamazana, koma ukauswa m'kati mwake ndi mouma. Atabwerera kwawo anakana kupitakonso, ngakhale anaitanidwa kambirimbiri.

ULENDO WOMALIZA

Atate ake anamwalira mu 1923. Thupi la Sundar linali litatha ndi maulendo. Mtima unkamvuta, ndipo diso limodzi linaleka kuona. Anakhazikika ku Sabathu, kufupi ndi akhate aja anawatumikira ali mnyamata, nalemba timabuku tating'ono. Loyamba, At the Master's Feet, linali litatuluka kale mu 1922, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Ena anamnena kuti sadhu weniweni sakhala m'nyumba yakeyake, ndipo mauwa, pamodzi ndi a Hosten ndi Pfister, anamfika.

Mu 1927 anayesa kupitanso ku Tibet koma anabwerera pa njira atadwala. Mu Epulo 1929, ali ndi zaka 39, abwenzi ake akumletsa, ananyamukanso kulowera ku mapiri, atasiya mau akuti adzabwera pakatha miyezi yowerengeka. Nthawiyo itapita osamveka, anzake anatsata njira ya apaulendo achipembedzo kufikira kufupi ndi malire, akufunsa m'midzi ndi m'nyumba za alendo, koma sanapeze munthu womuona, kapena mtembo, kapena bulangete lake. Patapita zaka boma linamuwerengera pakati pa akufa. Mpingo wa Anglican wa ku England umamkumbukira chaka ndi chaka pa 19 Juni, tsiku lochita kusankha, popeza la imfa yake silidziwika, ndipo manda ake kulibe.